Marozi akuseri kwa nyumba akuthothoka masamba chaka ndi chaka, vuto lili pati?

Chaka chilichonse ikangofika Febuluwale foni yanga imadzadza ndi zithunzi zofanana, tsinde la rozi lili chiimire lopanda tsamba olo limodzi, pansi masamba achikasu a madontho akuda ali mbwee, ndiye munthu akufunsa kuti alamu ndalakwitsa chani, si ndimathirira tsiku ndi tsiku. Okutobala akafika kumabweranso zithunzi zina, masamba ofota ngati awauka ndi moto. Ine ndili ndi marozi kuseri kwa nyumba kuno ku Chalala kwa zaka zingapo tsopano, ndipo pa 8 oyamba amene ndinabzala anatsala 2 okha, zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditasunga ndalama yake pang'onopang'ono. Ndiye zimene ndilembe pano ndi zimene ndaziona pa dothi la Lusaka lomweli.

Ambirife tikufuna kamunda kaja timakaona pa Pinterest ndi pa Facebook, kamene azungu amati cottage garden, marozi atasakanikirana ndi lavenda, madeizi ndi timasamba tonunkhira, kanjira ka njerwa kokhotakhota, rozi ina itakwera pamwamba pa chipata, kabenchi pakona poti nkukhalapo madzulo ndi kapu ya tiyi. Kabzalidwe kameneka kanachokera kwa anthu wamba akumidzi ya ku England amene malo awo anali ochepa ndiye amangothithikiza maluwa, ndiwo zamasamba ndi zitsamba zamankhwala pamodzi. Koma kumeneko dzuwa ndi lofatsa. Kuno Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 30, mvula ikayamba mu Novembala imagwa mpaka cha mu Malichi kapena Epulo, kenako miyezi pafupifupi 6 kopanda dontho, ndiponso mayadi athu ambiri ndi otchingidwa ndi mpanda wa mabuloko wautali woti mphepo siidutsa. Mukangotengera chithunzi chija mmene chilili, marozi adzakongola miyezi iwiri basi kenako matenda. Chimene ndaphunzira ine ndi choti munda uzioneka wodzadza ndi maso, koma pakati pa tsinde ndi tsinde mphepo izidutsa, ndipo pansi pa nthaka pakhale poyera. Mavuto ambiri amene anthu amanditumizira amachokera pa ziwiri zimenezi.

Tiyambe ndi madontho akuda aja chifukwa ndi amene amaliza anthu ambiri. Pa tsamba pamatuluka kadontho kakuda kozungulira, m'mbali mwake ngati inki yafalikira pa pepala lonyowa, kenako tsamba lonse limasanduka chikasu nkugwa, ndipo zimayambira masamba apansi kukwera m'mwamba. Ndi matenda a chuku, mabuku amati black spot, ndipo kuti alowe m'tsamba pamafunika tsambalo likhale lonyowa kwa maola pafupifupi 7. Ndiye tangoganizani Januwale wathu, mvula yagwa 16 koloko, usiku wonse masamba ali chinyowere, m'mawa dzuwa likutuluka koma khoma la mpanda likutchinga mpaka 10 koloko, apo matenda apeza pogona. Madontho a mvula akamagunda masamba odwala amene ali pansi amadumphitsa matendawo kubwerera ku tsinde, ndiye chinthu choyamba si mankhwala ayi, ndi kutola. Tengani ndowa muzitola tsamba lililonse lakugwa, ndi lililonse la madontho limene likadali pa tsinde mulithyole, mukatenthe kapena kutaya kubini, osaika pa mulu wa manyowa chonde. Ine m'dzinja ndimachita zimenezi kawiri pa sabata m'mawa ndisanapite kuntchito, mphindi 10 zakwana.

Kenako yang'anani zimene mwabzala m'mbali. Ine ndinalakwitsa apa, ndinadzadza salvia wamtali ndi madeizi mpaka kukhudza tsinde la rozi, ndipo chibwabwa chinamera chokha pa manyowa ndinachisiya poti ndi ndiwo, chinayanga mpaka kukuta marozi atatu. Nditalowetsa dzanja pansi pa masambawo masana dzuwa likuswa mtengo, munali monyowa ndi mofunda ngati m'bafa munthu atangosamba. Panopa lamulo langa ndi loti kuzungulira tsinde lililonse ndimasiya malo okwana mbale yaikulu yotsukira ziwiya opanda chomera china, marozi ndimatalikitsa masentimita 80 mpaka mita imodzi, zomera zazifupi ngati alyssum, marigold ndi anyezi wamasamba ndimaika kutsogolo m'mbali mwa kanjira, zazitali ngati gaura ndi agapanthus zimapita kumbuyo kapena m'mipata. Ukaima pakhomo la kukhitchini umaona ngati zonse zalukana, koma ukayandikira rozi iliyonse ili ndi popumira pake. Chibwabwa ndi rape zili ndi bedi lawo kwina.

Mankhwala alipo, mancozeb amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Dithane, yemweyo alimi a tomato amapopera. Koma mudziwe kuti ameneyu ndi woteteza, sachiza tsamba limene ladwala kale, ndiye kuyamba kupopera Febuluwale masamba atatha ndi kutaya ndalama. Yambani mvula yoyamba ikangogwa, muzibwereza pakatha masiku 7 mpaka 14 malinga ndi mmene ikugwera, muyezo tsatirani umene walembedwa pa paketi osati wa m'maso, muvale magolovesi ndi chotseka pakamwa, ana ndi nkhuku zikhale kutali. Ndipo pothirira, paipi iloze pansi pa tsinde, osasambitsa masamba madzulo.

Rozi ikathothoka masamba onse musaizule msanga. Kandani khungwa ndi chikhadabo, ngati mkati muli mobiriwira ili moyo, dulani nsonga pang'ono, ikani manyowa, idzaphukanso.

Vuto lachiwiri ndi limene anthu ambiri salizindikira, ndipo ine linandizunguza chaka chathunthu. Masamba atsopano akunsonga amatuluka achikasu kapena otuwa ngati oyera, koma timitsempha take tili tobiriwira, ukaliyang'ana padzuwa limaoneka ngati ukonde. Munthu amati yasowa feteleza, amathira urea, palibe chosintha, amathiranso, mapeto ake mizu yapsa. Chimene chikuchitika ndi choti rozi ikulephera kukoka ayironi m'dothi chifukwa dothilo lachuluka laimu. Mzinda wa Lusaka mbali yaikulu wakhala pa miyala ya laimu, nchifukwa chake ku Chilanga kuli fakitale ya simenti, nchifukwa chakenso ketulo yanu imachita zoyera mkati ngati mumagwiritsa madzi a borehole. Rozi imakonda dothi lowawasa pang'ono, cha pa 6 mpaka 6.5 pa muyezo wa kuwawasa kwa dothi umene amati pH, ndiye madzi a laimu aja mukamathirira miyezi yonse yachilimwe popanda mvula yotsuka, dothi limanka lichuluka laimu nkumataya kuwawasa kuja. Muona kuti chikasu chimenechi chimakula cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, mvula ikabwera chimachepa chokha.

Koma palinso china. Tsiku limene ndinazula imodzi mwa marozi akufa aja, mizu yake inali itapindika ngati chibakera, ndiye ndinati ndikumbe ndione. Khasu litalowa chikhato chimodzi ndi theka linalira ngwee, ndikutulutsa zidutswa za mabuloko, matope a simenti owuma, thumba la simenti lonse lathunthu lowumbika ngati mwala, ndi waya. Amisiri pomanga mpanda zinyalala zonse anakwirira m'mphepete mwa khoma nkuwaza dothi lofiira pamwamba, ndipo malo amenewo ndi amene tonsefe timathamangira kubzala maluwa. Simenti ndi laimu yemweyo. Ngati mukufuna kudziwa za dothi lanu popanda kupita kokayezetsa, tapani dothi louma supuni ziwiri muike m'kapu, thiranimo viniga, likachita thovu nkumalira kuti sss ndiye kuti laimu alimo wambiri. Langa la m'mphepete mwa mpanda linachita thovu ngati Fanta, la pakati pa yadi linangokhala chete.

Ndiye chochita ndi ichi. Dzenje likhale masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, chotsani chilichonse cha simenti, ndipo likhale patali ndi khoma pafupifupi mita ngati malo alipo, olo theka la mita ngati yadi ndi yaing'ono. Sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa owola bwino a ng'ombe kapena a masamba, theka kwa theka. Manyowa a nkhuku aawisi ayi, amaotcha, adikire miyezi ingapo pamulu kaye. Kumene thanthwe lili pafupi ngati madera ena kuno ku Chalala, musalimbane nalo, kwezani bedi ndi njerwa mizere itatu kapena inayi mudzadze dothi labwino, ndipo zimakongola kuposa. Kwa rozi imene yachita kale chikasu, m'mashopu a zaulimi muli mankhwala a ayironi amene amati iron chelate, mumasungunula m'madzi nkuthira patsinde kapena kupopera masamba, masamba atsopano amayamba kutuluka obiriwira pakatha masabata angapo. Ndipo phulusa lekani. Ndikudziwa kwathu ku Chipata amayi amathira phulusa pa chilichonse pothamangitsa chiswe ndi nyerere, koma phulusa limakweza laimu yemweyo, pa dothi la kuno mukungowonjezera moto. Madzi ochapira zovala a sopo waufa nawonso chimodzimodzi, apite ku kapinga osati ku marozi. Ngati muli ndi mgolo, tchererani madzi a mvula kudenga, marozi amawakonda kuposa ena onse.

Musasokoneze chikasu chimenechi ndi cha njala. Ngati ndi masamba akale apansi amene atuwa lonse mofanana opanda madontho, imeneyo ndi njala ya nayitrojeni, apo ndiye feteleza athandiza. D compound kadzanja kamodzi kosadzadza kuzungulira tsinde, motalikira osagunda khungwa, nkuthirira kwambiri nthawi yomweyo. Ngati akale omwewo achita chikasu nkumagwa dothi lili chinyowere ndipo likununkha, mwachulutsa madzi kapena dzenje likusunga madzi ngati mtsuko, zimene zimachitika pa dothi lamakande.

Nthawi yachisanu, Meyi mpaka Julayi, masana kofunda usiku kozizira, kumabwera ufa woyera pa masamba anthete ndi pa khosi pa duwa losatseguka, masamba nkumapiringizika. Matenda amenewa safuna mvula, amafuna malo obisika opanda mphepo, ndiye pakona pa mpanda ndi kwawo. Dulani nsonga zogwidwazo, chepetsani feteleza wa nayitrojeni, mankhwala a sulufule amagwira koma osapopera kukatentha chifukwa amawaula masamba. Sindida nawo nkhawa kwambiri poti kudulira kumakhala kwayandikira.

Kudulira kumene ndi chakumapeto kwa Julayi, kuzizira kukamatha. Anthu amachita mantha, amangodula timsonga, ndiye tsinde limakhala ndi nthambi zambirimbiri zoonda zopingasana mkati, mphepo osadutsa, Januwale matenda aja abweranso. Limbani mtima. Chotsani nthambi zouma, zoonda kuposa pensulo ndi zolowa mkati, musiye zolimba 3 mpaka 5 zoloza kunja, muzidule kufika cha m'bondo, pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja. Sizasi yodulira ikhale yakuthwa, chikwanje chimaphwanya nthambi nkuyamba kuuma kuchokera pabalapo. Masamba onse otsala thotholani, sesani pansi, thirani manyowa, thirirani mokwanira. Pakatha masabata 6 mpaka 8 mudzaona maluwa oyamba, ndipo kuno maluwa a Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala ndi amene amakongola koposa chaka chonse.

Podulira muyang'anenso mphukira zochokera pansi. Marozi ambiri ogula ndi omezanitsa, pamwamba ndi mtundu wokongola uja, pansi ndi mtundu wolimba wa mizu, ndipo pokumanira pake pali kachotupa. Mphukira ikatuluka pansi pa kachotupako imakula mwamphamvu, yaitali, masamba ake osiyana ndi enawo, munthu nkumasangalala kuti rozi yanga yanenepa, koma imeneyo ikuba chakudya ndipo mukailekerera mtundu munagula uja umafa. Fukulani dothi muithyole pamene yatulukira penipeni, mukangodula pamwamba imaphuka ziwiri.

Tsopano Okutobala. Masamba amayamba kutuwa ngati awazidwa mchenga, timadontho tating'onoting'ono totuwa, kenako amauma nkugwa kuyambira pansi. Tembenuzani tsamba, muona fumbi lofiirira ndi timaulusi ngati ta kangaude, ndipo mukagwedezera pa pepala loyera fumbilo limayenda. Ndi akangaude ofiira aja amavutanso pa tomato. Amakonda malo otentha, ouma, a fumbi, ndipo khoma limene limalandira dzuwa lamasana mpaka madzulo limatentha ngati mbaula, ukagwira 17 koloko dzanja sungalisiyepo, rozi yoyandikana nalo imakhala ikuphikidwa mpaka usiku. Apa anthu amathamangira mankhwala ophera tizilombo wamba, koma akangaudewa ambiri mwa mankhwala amenewo sawapha, mumangopha tizilombo tabwino timene timawadya, ndiye amachulukirachulukira. Chimene chimandithandiza ine ndi madzi, m'mawa kwambiri ndimatsina paipi ndi chala nkumenya kunsi kwa masamba mwamphamvu, masiku atatu alionse, dzuwa likamakwera masamba auma. Zikakanika funsani mankhwala a akangaude enieni, monga a abamectin. Nsabwe zobiriwira zimene zimaunjikana pa mphukira zanthete madzi omwewo amazigwetsa, kapena kungozifinya ndi zala.

Kuthirira kwenikweni, tsiku ndi tsiku pang'onopang'ono sikuthandiza, mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwe dothi limatentha. Bwino ndowa imodzi ya malita 10 mpaka 15 pa tsinde, katatu pa sabata nthawi yotentha, kawiri nthawi yozizira, nkuphimbira pansi ndi udzu wouma kapena masamba zala zinayi kuchindikala. Chaka cha 2024 chilala chija, madzi atatsika ku Kariba magetsi akuthima maola ambirimbiri, pampu osagwira, thanki ili gwaa, marozi amene ndinawaphimbira anapirira ndi ndowa ziwiri pa sabata, amene anali pa dothi lamtetete anafota. Ena amakana kuphimbira poopa chiswe. Zoona chiswe chimabwera, koma mmene ndaonera ine chimayamba ndi udzu woumawo ndi mitengo yakufa, ndipo rozi imene chimailowa kwambiri ndi yofooka kale ndi ludzu kapena yokhala ndi ziputu zouma. Siyani mpata wa chikhato pakati pa udzu ndi tsinde, dulani ziputu zakufa, ndipo muziyang'ana ngati pali timisewu tadothi tokwera khungwa.

Chiswe chomwecho ndi chifukwa chake chipata chopindika chokwezapo rozi chija musapange cha matabwa wamba. Changa choyamba chinagwa m'dzinja lachiwiri usiku kukuwomba mphepo, rozi yonse ili pansi, miyendo ya chipata mkati muli dothi lokhalokha. Pitani kwa owotcherera zitsulo, ku Kalingalinga aliko ambiri m'mbali mwa msewu, akupangireni chachitsulo mupake penti. Ndipo rozi yokwera ngati ikungotalika osachita maluwa kupatula kunsonga, ndi chifukwa mwaimangirira choongoka. Nthambi zake zazitali zigonekeni chopingasa kapena mozungulira chitsulo, maso onse m'mbali mwa nthambi amaphuka ndi maluwa. Imeneyi musaidule mpaka m'bondo ngati zinzake, mungochotsa zakale ndi kufupikitsa timphanda.

Mvula ikayamba kumabweranso odya maluwa. Kuli zikumbu zakuda za mizere yachikasu zimene zimatera pa duwa masana nkulidya mpaka kutsala pakati pokha, zimenezi osazifinya ndi dzanja chifukwa madzi ake amatulutsa matuza pakhungu, zigwedezereni m'ndowa ya madzi a sopo m'mawa zisanachangamuke. Zina zofiirira zimabwera usiku, m'mawa mumangopeza masamba obooka ngati sefa osaona wadya, tulukani ndi tochi cha m'ma 20 koloko muzipeza zili pantchito, ndowa yomweyo.

Mau pang'ono pa zogula. Kwa amayi ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu mumapeza marozi abwino ndithu ndipo ine ambiri ndinagula kumeneko, koma musasankhe chifukwa cha duwa limodzi lalikulu lili pamwamba. Yang'anani kunsi kwa masamba, yang'anani ngati nthambi zilipo ziwiri zitatu zolimba, nyamulani kapepala kakuda kaja muone ngati mizu yagwira dothi, chifukwa ena amakhala angozika dzulo. Afunseni kuti amayi, iyi ndi yomezanitsa kapena yodula, yakhala nthawi yaitali bwanji m'pepalamu, ambiri amakuuzani zoona. Kwa woyamba kumene ndimati yambani ndi Iceberg, yoyera ija mumaiona m'mayadi ambiri ndi m'maofesi, inapangidwa ndi a Kordes ku Germany mu 1958, imachita maluwa m'magulumagulu pafupifupi chaka chonse ndipo olo madontho akuda aigwire imadzukanso msanga. Awiri amene anapulumuka kwa ine aja onse anali Iceberg. Marozi a maluwa akuluakulu onenepa a m'zithunzi za ku England mudzawayese pambuyo, pamalo olandira dzuwa lam'mawa ndi mthunzi wamadzulo. Ndipo maluwa a m'maphwando aja, olimidwa m'magirinihausi m'mafamu ozungulira Lusaka otumiza kunja, olo muzike phesi lake ligwire, panja nthawi zambiri sachedwa kudwala poti anapangidwira m'nyumba zapulasitiki.

Wina akakupatsani lantana kuti mudzadzire mipata mukane, imafalikira ngati moto wolusa ndipo kuizula ndi ntchito. Lavenda ndi rosemary ndi zabwino koma sizifuna madzi ambiri ngati rozi, ndiye ziikeni m'mphepete mwa kanjira pokwera pang'ono, mukaziika dzenje limodzi ndi rozi zimaola mizu m'dzinja.

Musanakumbe dzenje lina lililonse, tengani Loweruka limodzi muone mmene dzuwa likuyendera kuseri kwanuko, 7 koloko lili pati, 10 koloko, 13 koloko, 16 koloko, muzilemba ndi kamtengo pansi pamene mthunzi wa khoma ukuthera. Rozi ikufuna maola 6 a dzuwa ndipo lam'mawa ndiye lofunika chifukwa limaumitsa mame. Kumbukiraninso kuti mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye malo amene ali kummwera kwa nyumba kapena kwa khoma amakhala mumthunzi nthawi yaitali kuposa mmene mukuonera mu Disembala. Ngati marozi anu ali kale pamalo olakwika, nthawi yowasamutsa ndi Juni kapena Julayi, muwadulire kaye, mukumbe ndi dothi lake lambiri, dzenje latsopano likhale lokonzeka ndi lothiriridwa dzulo lake. Anga anayi ndinawachotsa ku khoma lotentha lija chaka chatha nkuwaika mbali yotulukira dzuwa pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, atatu anagwira, ndipo pamalo akalewo ndinabzalapo bougainvillea yoti kutentha sikuiopa.